Mcheni Wokodwa pa Chitsa

1. Mpando umodzi

Anastasia Chulu anali asanadutsepo Chipata. Anabadwira ku Mfuwe, anakulira ku Mfuwe, ndipo tsopano anali mu Giredi 11 pa sekondale ya kufupi ndi kwawo. Mtsinje wa Luangwa ankaudziwa kuyambira pa mlatho wolowera m'paki mpaka ku Chinzombo. Kumene umathera ankangokuona pa mapu a m'kalasi.

Amalume ake, a Hosea, anali makanika. Anali ndi galaji m'mbali mwa msewu wa ku eyapoti, ndipo magalimoto ambiri a m'maloji ankakonzedwa ndi iwowo. Koma chimene mtima wawo unkakonda chinali kuwedza. Sankawedzera malonda ayi. Nsomba yaikulu akaigwira ankaiyeza, n'kuijambula pa foni, n'kuibwezera m'madzi.

Anthu ena ankawaseka. "Munthu wamkulu kutaya ndiwo!"

Iwo ankangoyankha kuti, "Ndikaidya lero, mawa ndidzasewera ndi yani?"

Chaka chilichonse, sukulu zikatsekera mu Ogasiti, a Hosea ndi anzawo atatu ankapita kum'mwera, ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Kumeneko ndiye kwawo kwa mcheni waukulu, nsomba ya mano ngati misomali, imene imalumpha m'mwamba ikangomva mbedza. Galimoto yawo inali ya mipando isanu. Chaka chimenechi anagwirizana kuti mpando wachisanu aupereke kwa wachinyamata.

Oufuna analipo awiri. Woyamba anali Anastasia. Wachiwiri anali Clinton Jere, mnzake wa m'kalasi, mwana wa mwini shopu ya zitsulo yoyandikana ndi galaji. Banja la Clinton linali litangotsikira kuchigwa kuchokera kumtunda, ku Chipata. Anali mnyamata wansangala, wosakana kutumidwa, koma wokonda kudzionetsa.

A Hosea anawaitana onse awiri.

"Loweruka tipita kumtsinje. Mvetsetsani, sindikunena kuti wogwira nsomba yaikulu ndiye apite. Ndikufuna kuona amene ndingamusiye m'mbali mwa madzi, ine n'kutembenuka osada nkhawa."

Clinton anagwedeza mutu msangamsanga. Pa mawu onsewo iye anangotolapo awiri, nsomba yaikulu.

2. Mapu pa boneti

Lachisanu madzulo ana awiriwo anapita kugalaji kukathandiza. Anapeza a Hosea atatambasula mapu akale pa boneti, m'makona atatsinjiza ndi masipanala.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera, mphwanga. Bwerani kuno nonse. Amene apite adziwiretu kumene akupita. Wokwera galimoto ngati thumba la chimanga sindimufuna."

Chala chawo chakuda ndi girisi chinayamba kuyenda pa mapu. Kuchoka ku Mfuwe kukwera mpaka Chipata. Kuchoka apo kutembenukira kumadzulo pa msewu waukulu, kudutsa Katete, Sinda, Petauke, Nyimba. Kenako mapiri a Kacholola, mlatho waukulu wa Luangwa, ndipo kungowoloka mlathowo, kukhotera kumanzere n'kutsata mtsinje mpaka Feira.

Clinton anatulutsa foni yake. "Koma a Hosea, apa pakuoneka njira ina. Ikuchoka konkuno n'kukatulukira ku Petauke. Bwanji tizungulire ku Chipata?"

A Hosea anapukuta manja pa nsanza.

"Foni yako ikunena zoona, njirayo ilipo. Chimene siikukuuza ndi mchenga. Siikukuuza za timitsinje touma timene galimoto imatitimira mpaka pamimba. Siikukuuza kuti ukafa kumeneko netiweki kulibe, wokukoka kulibe, alipo ndi kashembe ndi njovu. Ine ndinagonako ndi alendo, madzi atatha. Njira yaifupi pa pepala si yaifupi pa tayala. Safunsa anadya phula. Ukafuna njira funsa amene wadutsamo sabata yomweyi, osati amene anaimva."

Anawatengera kumbuyo kwa galimoto n'kuwaonetsa katundu.

"Ulendo wautali umayambira pakhomo. Matayala a sipeya ndi awiri, chifukwa limodzi likaphulika utsala wamaliseche. Jeke uiyese lero, osati uli kale m'tchire. Madzi akumwa achuluke, ndipo ena akhale a injini. Mafuta uthire paliponse pamene wawapeza. Usamati tikathira kutsogolo, chifukwa kutsogoloko ungakapeze pampu youma. Zitupa zikhale m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama, kuti pa rodibuloko usachedwetse anzako.

"Tinyamuka kukangoyera. Mumdima sitiyenda. Msewu wathu uno usiku ndi wa njovu ndi a njinga zopanda nyali, ndipo wa ku Kacholola ndi wa malole. M'mapiri muja simutsetsereka ndi buleki yokha, imatentha n'kukana. Umatsika ndi giya, pang'onopang'ono. Pa mlatho foni ilowe m'thumba, asilikali olondera safuna zojambula. Ndipo tauni iliyonse imene tafika, uziimbira kunyumba. Wotsala pakhomo ndiye amayenda ulendo wautali kuposa wokwera."

Anastasia anapempha kuti ayese jeke. Anagwada, anaipopa, galimoto inadzuka mbali imodzi. Clinton anali akadayang'ana njira ija pa foni.

3. Malamulo a m'mbali mwa madzi

Loweruka m'mawa anapita kumtsinje, mbali ya Lupande, kunja kwa paki, kumene munthu wokhala ndi chiphaso amaloledwa kuwedza. A Hosea anaimika galimoto pansi pa msikizi waukulu. Kuchokera pamenepo anayenda pang'ono mpaka pa gombe lokwera, pamene madzi anali pansi kupitirira pang'ono kutalika kwa munthu.

Mtsinje unali utaphwa. Tsidya lina kunali mchenga wokhawokha. Koma pansi pa gombe lawo madzi ankathamanga, kenako n'kukadikha m'dziwe lobiriwira. M'mphepete mwa dziwelo munali chitsa cha mtengo umene unagwa nthawi ya mvula, nthambi zake zili m'madzi.

A Hosea anapatsa aliyense ndodo yowedzera yokhala ndi kawilo kokulungira chingwe. Kwa Anastasia anamangirira kasipuni, kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza kumchira. Kanali kakale, kokandikakandika ndi mano a nsomba. Anali atagwira nako mcheni wawo waukulu koposa, ndipo sankakabwereketsa wamba.

"Poyamba za nsomba," anatero. "Mlamba ndi waulesi, umadya pansi, ukhoza kuuwedza utakhala pa mpando. Mphende imafuna nyongolotsi ndi kudekha. Koma mcheni ndi mlenje. Umabisala pamene madzi othamanga akumana ndi odikha, kudikira tinsomba tosochera. Ponyani kasipuni kumtunda kwa pamenepo, kenako kulungani mosalekeza kuti kaziphethira ngati kansomba kovulala. Onani kawaya aka pakati pa chingwe ndi mbedza. Popanda iko mcheni umadula chingwe ngati lumo. Ukaluma, kokani mwamphamvu kamodzi, chifukwa kamwa lake ndi fupa. Ukalumpha, tsitsani nsonga ya ndodo. Chala chanu chisayandikire kukamwa kwake, ngakhale ukuoneka wakufa. Ndipo ukangoluma mundiitane, ndibwere ndi ukonde wa mpini wautali. Nsomba imakwera kudza kwa ife. Ife sititsika kupita kwa nsomba."

Anayang'ana dziwe.

"Tsopano za mwini madzi. Mukuona ng'ona pano?"

Ana aja anayang'anitsitsa. "Ayi."

"Nanenso sindikuiona. N'chifukwa chake ndikuopa. Ng'ona yoothera dzuwa pa mchenga ilibe mlandu ndi iwe. Yoopsa ndi imene sukuiona. Imatha kugona m'madzi ofika m'mawondo, iwe osaona ngakhale mphuno. Ilibe changu. Imamva phazi likaponda matope, imamva nsomba ikamaphupha pa mbedza, ndipo imabwera mwakachetechete.

"Clinton, mwana wanga, ndikunena ndi iwe makamaka. Kumtunda kwanu mumasambira m'madamu, mumalowa kukamasula mbedza pa udzu. Kuno sitichita. Kuno phazi silikhudza madzi. Osasamba m'manja m'mphepete, osatumbula nsomba m'mphepete, osagwada kutunga madzi. Chipewa chikagwera m'madzi, chapita. Mbedza ikakodwa, mpeni uwu, dulani chingwe. Ine ndaika anthu m'manda amene anatsikira mbedza imodzi. Ena sitinawaike n'komwe, tinangoika malaya. Onsewo ankadziwa mtsinje kuposa inu, ndipo aliyense ananena mawu amodzimodzi, akuti ndi pafupi pomwepa. Tsoka silinunkha. Mwamva?"

"Tamva," anayankha onse.

A Hosea anaika mpeni pa udzu pakati pawo. Anaimirira nawo kwa kanthawi, akukonza kaponyedwe kawo. Kenako anati pobwera anamva kaphokoso ku tayala lakutsogolo, ndipo sangagone osakaona. Anabwerera ku msikizi kuja. Munthu atafuula akanamva.

4. Mcheni waluma

Dzuwa linakwera. Clinton anagwira mphende ziwiri zazing'ono n'kuyamba kuimba. Anastasia anaponya, anakulunga, anaponyanso, osamva kanthu. Mkono unayamba kuwawa.

Kenako ndodo inagwedezeka ngati yamenyedwa ndi nyundo.

Anakoka kamodzi mwamphamvu. Kawilo kanalira, chingwe chikuthawa. Pakati pa dziwe madzi anang'ambika, ndipo nsomba yoyera ya mizere yakuda ndi mchira wofiira inalumpha, ikupukusa mutu.

"Mayo! Mcheni!" anakuwa Clinton. "Ndikaitane a Hosea?"

"Dikira kaye," anatero Anastasia, mano ali gwa. "Ndiufikitse pafupi ndekha."

Anatsitsa ndodo pamene unalumphanso. Anakulunga, unathawa, anakulunganso. Thukuta linamulowa m'maso. Pang'onopang'ono nsombayo inayamba kutopa n'kuyandikira. Koma itafika pafupi ndi gombe inatembenuka mwadzidzidzi n'kulowa pansi pa chitsa chija. Chingwe chinazungulira nthambi n'kuima nji.

Anakoka. Sichinasunthe. Anayenda uku ndi uku pamwamba pa gombe, akukokera mbali zonse. Chinakana.

Nsomba inkaoneka bwinobwino. Inali itagona chammbali pamwamba pa madzi, yaitali ngati mkono wa munthu wamkulu, kasipuni kakunyezimira pakamwa pake. Inkaphupha, n'kupuma, n'kuphuphanso. Pambali pa chitsacho gombe linali logumuka, ndipo panali kanjira ka mvuu kotsikira kumadzi.

"Anastasia, taona, ndi pafupi pomwepa," anatero Clinton. "Madziwo sangafike ngakhale m'mawondo. Ungotsika, umasule chingwe, basi. Nsomba ngati iyi ukaionetsa, mpando ndi wako."

Anastasia anayang'ana kanjirako. Anayang'ana kasipuni ka amalume ake.

"Anati tidule."

"Udule kasipuni kawo kaja? Adzakukhululukira? Ukabwerera wopanda nsomba, wopanda kasipuni. Ine ndili ndi mphende ziwiri. Ganiza bwino."

Anastasia anaima ndi ndodo m'manja. Nsomba inaphuphanso, madzi n'kuchita thovu. Anawerama, anatola mpeni, anagwira chingwe pafupi ndi nsonga ya ndodo, n'kudula. Chingwe chinagwera m'madzi.

"Wapusa!" anatero Clinton. "Ngati suufuna, ndi wanga."

Anaponya ndodo yake pansi n'kuthamangira ku kanjira kaja.

"Clinton, bwerera! Clinton!"

Sanamve. Anatsika chotsetsereka, atagwira mizu. Phazi lake linaponda matope, kenako madzi anamufika m'kakolo. Anatambasula dzanja kuti agwire nthambi.

Anastasia anatembenukira ku msikizi n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse. "Amalume! Amalume, thamangani!" Kenako anagona chafufumimba pamwamba pa gombe, anatambasula mkono, nagwira kolala ya malaya a Clinton.

"Ndisiye iwe!"

Sanamusiye. Anakoka mpaka batani linaduka. Clinton anapendekera kumbuyo n'kukhala pansi m'matope.

Nthawi yomweyo madzi a pambali pa chitsa anatumphuka. Panatuluka mutu wautali, wakuda, kukamwa kuli yasa. Kunamveka khapu! Nthambi inathyoka. Mchira waukulu unamenya madzi n'kuwathira matope onse awiri. Pamene ankapukuta m'maso, mcheni kunalibe, kasipuni kunalibe. Panangotsala mafunde akumenya gombe.

Clinton anakwera kanjirako ndi manja ndi mawondo. Nsapato imodzi inatsalira m'matope. Atafika pamwamba anangokhala pansi.

Kumbuyo kunamveka mapazi a munthu wothamanga.

"Anastasia," ananong'ona Clinton, "chonde, unene kuti ndinaterereka. Adadi akamva andipha."

5. Funso la amalume

A Hosea anafika ali wefuwefu, sipanala ikadali m'manja. Anayang'ana ana onse awiri kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anagwira mwendo wa Clinton, nautembenuza. Panali bala laling'ono la muzu, basi. Anawasuntha onse kutali ndi gombe asanafunse kanthu.

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndinaterereka," anatero Clinton, maso ali pansi. "Gombe linagumuka."

A Hosea anatembenukira kwa mphwawo. "Anastasia?"

Anastasia anayang'ana Clinton. Clinton anamuyang'ana ndi maso opempha.

"Sanaterereke, amalume. Ndinakola mcheni, unakodwa pa chitsa. Ndinadula chingwe. Iye anatsika kuti akautenge. Ng'ona yatenga nsomba pamodzi ndi kasipuni kanu."

Clinton anabisa nkhope m'mawondo.

A Hosea anakhala pansi pa udzu. Sanakalipe. Analankhula motsitsa, ndipo kutsitsako kunali koopsa kuposa kukalipa.

"Clinton, ng'ona ija sinabwerere nsomba yokha. Inali ndi ziwiri zoti isankhe, ndipo yasankha yoyandikira. Mnzakoyu akanapanda kukukoka, woyandikira ukanakhala iwe. Panopa ndikanakhala ndikuyenda kupita kushopu kwa bambo ako, nsapato imodzi m'manja. Ndikanawauza chiyani? Kutsika kuja ndi kulakwa kwa mwana, ndikhoza kukumvetsa. Koma bodza lija ndi loipa kuposa. Ukanati unaterereka, ine ndikanati vuto ndi gombe, mawa n'kukuimikanso pa gombe lina. Pa ulendo timakhulupirira mawu a mnzathu. Akati tayala lili bwino, sitiyang'ananso. Wabodza m'galimoto ndi woopsa kuposa tayala lakutha. Chaka chino supita. Ndipo kwa bambo ako tipita limodzi, ukanene wekha ndi pakamwa pako."

Kenako anayang'ana Anastasia.

"Iwe usamwetulire, mlandu wako ulipo. Ndinati chiyani mcheni ukaluma?"

"Munati tikuitaneni."

"Unandiitana?"

"Ayi. Ndimafuna ndiufikitse ndekha."

"Ukanandiitana, ndikanakuuza kuti uukokere kutali ndi chitsa. Bwenzi tili ndi chithunzi, nsomba ili moyo m'madzi, mnzako ali ndi nsapato ziwiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Unafuna nsomba, unafunanso ulemu woigwira wekha. Zoipa zambiri za pamadzi zimayamba ndi kulakwa kwakung'ono kwa munthu wina, wolipira n'kukhala wina."

Anastasia anagwetsa nkhope. "Pepani, amalume. Ndi kasipuni komwe."

"Kasipuni ndi chitsulo. Mpeni ndinauika pa udzu kuti ugwire ntchito, ndipo wagwira." Anaimirira n'kudzikung'untha. "Wachitatu wolakwa ndine. Sindinayenera kukusiyani pa tsiku loyamba. Tayala likanadikira. Zimenezo ndikazinena ndekha kwa amayi ako. Za mpando akagamula ndi iwo."

Anakwera galimoto n'kubwerera. Atafika pashopu, Clinton anatsika pamodzi ndi a Hosea, osayang'ana Anastasia. Tsiku lotsatira anakumana potuluka m'tchalitchi. Anastasia anamupatsa moni. Clinton anangodutsa.

6. Mawu a amayi

Amayi a Anastasia, a Peggy, anali telala pa msika. A Hosea anapita komweko kukawafotokozera. Anamvetsera nkhani yonse makina ataima, nsalu ili pamiyendo. Atatha kumva anawalankhula a Hosea m'Chikunda, chilankhulo cha kwawo, mawu olemera amene mlongo yekha angauze mlongo wake. A Hosea anangogwira chipewa m'manja.

Kenako a Peggy anaitana mwana wawo kuti akhale pafupi.

"Ndili msinkhu wakowu ndinali ndi mnzanga, dzina lake Lillian. Tinkachapa limodzi, tinkaimba limodzi kwaya. Tsiku lina sopo anamupulumuka n'kuyandama pang'ono chabe. Ine ndinaona kuti akulowa. Ndinafuna kumuletsa, koma panali atsikana ena, ndinaopa kuti andiseka kuti ndine wamantha. Lillian sitinamuonenso. Kuyambira pamenepo sindinafune kuti mwana wanga ayandikire mtsinje, ndipo amalume akowa ndakangana nawo kambirimbiri.

"Lero wandiuza kuti mnzako sakukulankhula. Zikuwawa, ndikudziwa. Koma ali moyo kuti akukwiyire. Mkwiyo umatha. Anthu adzakutcha wamantha, adzakutcha kazitape, adzati ukudzimva. Uziwalola. Pamene waona choopsa, kamwa lako lisachite manyazi, kaya wolakwayo ndi mnzako, kaya ndi wamkulu."

Anatembenukira kwa a Hosea. "Kumeneko akagona ndi yani?"

"Ndi mayi Jacinta, anamwino aja. Ndi a gulu lathu. Tikawatengera ku Chipata pamodzi ndi mnzathu wina, a Gideon."

A Peggy anapondanso makina, anasoka pang'ono, n'kuimanso.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Apite akaone kumene mtsinje wathu umathera. Koma achimwene, mukamusiyanso yekha pamadzi, musadzabwerere kuno."

7. Ulendo uyamba

Tsiku lonyamuka Anastasia anafika pagalaji kukuyera. Katundu anali atamangidwa kale. Ndodo zowedzera zinali m'paipi yaitali pamwamba pa galimoto.

A Hosea anatuluka maso ali psu. Galimoto ya loji ina inali itafa dzulo lake ndi alendo, ndipo sakanachoka osaimaliza. Anali atagona pang'ono chabe.

"Wotopa sagwira chiwongolero," anatero akuyasamula. "Awa ndi a Evans, wachinayi m'gulu lathu. Amayendetsa lole ya katundu. Atifikitsa ku Chipata, ine ndikalandira kumeneko. Iwe khala kutsogolo, uziona njira."

A Evans anali bambo wonenepa, wanthabwala. Anamugwira chanza Anastasia n'kuseka. "Ndiwe wodula zingwe uja? Mbiri yako yafika kale ku Feira!"

A Hosea anakwera kumbuyo, anatsamira chikwama, anaphimba nkhope ndi chipewa. Asanadutse n'komwe mphambano ya ku eyapoti anali atayamba kuliza mkonono.

Anastasia anayang'ana kunja. Minda ya thonje yokololedwa inkadutsa, ana otunga madzi pa mjigo, ngolo ya ng'ombe. Anatumiza uthenga kwa amayi ake kuti anyamuka bwino.

Kenako anamva kafungo. Poyamba anayesa kuti ndi mafuta a galimoto. Anatsitsa galasi pang'ono, koma kafungoko sikanachoke. Kankabwera a Evans akamalankhula.

Pa kona ina galimoto inatuluka pang'ono mu msewu wa tara, matayala n'kuponda miyala. Wanjinga amene anali kutsogolo anathawira m'udzu. A Evans anabweza chiwongolero n'kuseka.

"Anthu a njinga awa!"

Anapisa dzanja pansi pa mpando n'kutulutsa kabotolo kapulasitiki kopanda chizindikiro. Anatsegula ndi mano, anamwa kawiri, anakabwezera. Fungo la kachasu linadzaza kutsogolo konse.

Anastasia anatembenuka kuyang'ana amalume ake. Chipewa chinali chikadali pankhope.

"Usawadzutse, atopa," anatero a Evans, osasekanso. "Ndi kamankhwala ka chifuwa chabe. Ine msewu uno ndimauyenda ndi maso otseka. Ndipo mwana wamakhalidwe sanena za akulu."

Kutsogolo msewu unayamba kukwera phiri, wokhotakhota, ndipo pamwamba pake panatulukira lole yodzaza matumba ikutsika. A Evans anaponda mafuta.